Tikupita ku America mwezi wa Meyi: tikadye chiyani kupatula baga ndi tchipisi?

Nambewe wa ku Zomba: Moni nonse pagulu pano. Ine ndi bambo akunyumba tikupita ku America mwezi wa Meyi, mwana wathu wamkazi akumaliza sukulu ku Indiana. Tikatera ku Chicago, tikakhala ku Indiana masabata awiri, kenako tikaona mchimwene wanga ku Atlanta, ndipo ulendo ukathera ku Houston kwa alamu anga. Funso langa ndi la m'mimba. Anthu amene anapitako amangoti kumeneko n'kwa baga, tchipisi ndi zoziziritsa kukhosi basi. Zoona zimenezi? Ine sindikufuna kuwoloka nyanja yonseyo n'kukadya zomwe ndimadya ndikapita ku Blantyre. Inu amene muli kumeneko tithandizeni: dera lililonse kuli chakudya chanji chimene mlendo sayenera kubwerako asanalawe? Chinanso, bambo akunyumba sadya nkhumba, ndipo adokotala anawaletsa mchere wambiri.

Dalaivala wa Thiraki: Mayi, amene anakuuzani zimenezo anathera pabwalo la ndege ndi m'mphepete mwa msewu waukulu. Ine ndayendetsa thiraki dziko lino zaka 9, ndipo ndikuuzeni, pa nkhani ya chakudya America si dziko limodzi. Texas yokha imaposa Malawi kasanu ndi kupitirira. Zimene amadya ku Louisiana munthu wa ku Wisconsin amaziona ngati zachilendo, ngati mmene wa ku Nsanje angadabwire ndi kondowole wa ku Nkhata Bay. Njira yanuyo mwaisankha bwino osadziwa. Mukuyamba kumpoto kwa tchizi ndi buledi, mukutsikira kummwera kumene kuli ndiwo zenizeni.

Anabanda ku South Bend: Takulandiranitu pasadakhale mayi, ndipo zikomo kwa mwanayo potichotsa manyazi. Kuno ku Indiana musade nkhawa ndi nsima, Amalawi tilipo ambiri, tikakuphikirani mpaka mudzaiwala kuti muli kunja. Koma cha eni dera chenicheni ndi pork tenderloin. Amatenga nyama ya nkhumba, kuimenya mpaka ipyapyale ngati mbale, kuiviika mu zinyenyeswa za buledi n'kukazinga. Ndiye amaiika m'kabanzi kakang'ono, nyama n'kutulukira mbali zonse, banzi ili pakati ngati chipewa cha mwana pamutu pa munthu wamkulu. Inu mukalawe, bambowo angoonerera kkkk. Iwo tidzawatengere ku Shipshewana, ulendo wa ola limodzi kapena kuposerako pang'ono, kwa anthu a chi Amish aja amayenda pa ngolo za mahatchi. Nkhuku yawo yokazinga ndi mbatata yosinja ndi zophika ngati za kumudzi, ndipo pali payi ya kirimu ndi shuga imene Indiana imanyadira.

Mnyamata wa ku Ndirande: Anti, Chicago musangodutsapo. Pizza ya deep dish inayambira pa Pizzeria Uno mu 1943. Si pizza yopyapyala ija mukuidziwa ayi, imaphikidwa m'chiwaya chakuya, tchizi amaika pansi, msuzi wa tomato pamwamba, ndipo mukaitanitsa mumadikira mphindi 40 kapena kuposa. Amadyera mpeni ndi foloko. Magawo awiri okha mwagona. Ingonenani kuti asaikemo soseji chifukwa imakhala ya nkhumba.

Anabanda ku South Bend: Koma eni ake a Chicago sadya deep dish tsiku ndi tsiku, imeneyo amatengerako alendo. Yawo ndi yopyapyala yodula timabokosi.

Mnyamata wa ku Ndirande: Nanga anti si alendo? Kkkk. Ankolo ayesenso Italian beef, ndi ng'ombe yodula mopyapyala yoika mu buledi wamtali, buledi wonsewo amauviika mu msuzi. Mumadya mutaimirira, mutawerama, apo ayi malaya apita. Ndipo mukagula hot dog ku Chicago musapemphe ketchup, amakuyang'anani ngati mwathira shuga m'ndiwo za usipa.

Namwino wa ku Seattle: Ndiloleni ndilowererepo msanga musanawaphe bambowo. Italian beef, hot dog, pizza, zonsezi ndi mchere wokhawokha. Dziko lino mchere amathira mosaumira, ndipo mbale imodzi ya m'lesitilanti imakwana anthu awiri. Mayi, muziitanitsa mbale imodzi n'kugawana, palibe amene angakusekeni. Zotsala amakupatsani kabokosi mukadyere kunyumba, ndi mwambo wawo, ngakhale olemera amatero. Msuzi muzipempha kuti aike pambali. Mankhwala a BP atenge okwanira ulendo wonse, ali m'mabotolo ake, chifukwa kuonana ndi dokotala kuno popanda inshuwalansi ndi ndalama yoti mungamangire nyumba ya anyamata.

Dalaivala wa Thiraki: Asisi mwanena zoona. Tsopano mayi, ku Atlanta mupita pandege kapena pagalimoto? Ngati mwana wanuyo angayendetse, tengani msewu wa I-65. Mumadutsa Louisville, kenako Nashville, mukatero I-24 mpaka Chattanooga, n'kumaliza ndi I-75. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu koma mudzaona dziko likusintha. Ku Nashville imani mudye hot chicken. Ndi nkhuku yokazinga imene ikangochoka m'mafuta amaipaka phala la tsabola wofiira, n'kuiika pa buledi woyera ndi tinkhaka ta viniga. Inayambira kwa banja la a Prince, ndipo malo awo alipobe. Amakufunsani kuti mukufuna yowawa bwanji. Musadzitame kuti ine ndinakulira kambuzi. Ine ndinadzitama pamalo ena ake, ndinalira misozi pamaso pa ana asukulu.

Aphunzitsi Opuma a ku Ntcheu: Mukafika ku Nashville mukumbukire kuti a Kamuzu Banda anaphunzira udokotala mumzinda umenewo, pa Meharry Medical College, n'kumaliza mu 1937. Digiri yoyamba anatengera ku University of Chicago. Ndiye njira yanuyo mayi mukuponda m'mapazi a Ngwazi.

Mnyamata wa ku Ndirande: Aphunzitsi, munthu wafunsa za nkhuku inu mwabweretsa mayeso a History kkkk.

Mayi a Tadala ku Atlanta: Musiyeni mwanayo alankhule. Achemwali a ku Zomba, ine ndadikira kuti mufike kwathu kuno ndiyankhe bwinobwino, chifukwa kuno ndi kumene mudzadabwe. Zonse za kumpoto zija ndi zokoma inde, koma ndi zachilendo. Kuno mudzalowa malo odyera a anthu akuda, chimene amati soul food, mudzayang'ana m'miphika n'kufunsa kuti kodi wophika kuno kwawo n'ku Dedza? Tsiku loyamba ine ndinaima pamzere, ndikuona masamba obiriwira ophika mpaka kufewa, khobwe, therere, mbatata ya kholowa, mlamba wokazinga, michira ya ng'ombe mu msuzi wakuda, ndi chigumu chachikasu pambali. Ndinatsala pang'ono kupempha madzi osamba m'manja.

Kaitanitsidwe kake n'kosavuta. Mumasankha nyama imodzi ndi ndiwo za pambali ziwiri kapena zitatu. Masamba aja ndi collard greens, abale ake a repu ndi kabichi, koma masamba ake ndi okhuthala ndiye amawaphika nthawi yaitali. Msuzi wotsalira pansi sataya, amasunsira chigumu chija, chimene iwo amati cornbread. Therere ena amadula tizidutswa, kuligubuduza mu ufa wa chimanga n'kukazinga, silitereranso ayi, limakhala lokukuta ngati mtedza. Mlamba nawonso amaupaka ufa wa chimanga. Mbatata ndiye amaiwonjeza, amaphika ndi shuga, batala ndi sinamoni, ine mpaka lero sindinavomereze kuti imeneyo ndi ndiwo.

Malo ake: Busy Bee Cafe inatsegulidwa mu 1947 ndipo ilipobe. Paschal's nayonso ndi ya 1947, kumene Martin Luther King ndi anzake ankakumana pokonza zionetsero zomenyera ufulu, akudya nkhuku yokazinga. Lamlungu anthu akaweruka ku tchalitchi mzere umatalika, pitani pakati pa sabata.

Chenjezo la bambo: masamba ndi khobwe kawirikawiri amaphikira limodzi ndi mang'ina a nkhumba owamba. Simuiona nyamayo pamwamba koma ilimo. Muzifunsa musanaitanitse. Malo ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito nkhukundembo yowamba m'malo mwake. Ndipo mukamva kuti chitlins, amenewo ndi matumbo a nkhumba, adutse kutali.

Aphunzitsi Opuma a ku Ntcheu: Apa ndiye mundilole, ngakhale mwana wa ku Ndirande adandaule. Kufananako si ngozi. Therere ndi khobwe ndi mbewu za ku Africa, zinawoloka nyanja nthawi ya malonda a akapolo, ndipo amene ankaphika m'makhitchini a kummwera kwa America anali akapolowo ndi ana awo. Mpunga wa ku South Carolina unalemeretsa azungu chifukwa cha luso la anthu ogwidwa ku West Africa amene ankalima mpunga kwawo kale. Zidzukulu zawo, a Gullah, zilipobe m'mphepete mwa nyanja ku Carolina ndi Georgia. Mpunga wophika ndi khobwe amautcha Hoppin' John, amadya pa 1 Januwale kuti chaka chiyende bwino. Koma tisadzinamize kuti anali agogo athu enieni. Ochuluka anachokera kumadzulo, ku Senegambia, Gold Coast, Congo ndi Angola. Athu ogwidwa kuno ambiri ankapita nawo kummawa, ku Kilwa ndi Zanzibar. Chimanga ndiye chinayenda mobwerera, kwawo n'ku Mexico, chinafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi. Ife tinalandira chimanga chawo, iwo analandira therere lathu, mbale n'kukumana pakati.

Mayi a Tadala ku Atlanta: Eya, ndipo umboni wake ndi grits. Achemwali, m'mawa mudzapatsidwa phala loyera la chimanga chogaya mokhakhala, ngati la mitama. Iwo amathira mchere, batala, mwina tchizi, n'kudyera mazira. Ku Charleston amadyera shrimp, tinkhanu ta m'nyanja. Kuno kuthira shuga mu grits ndi mlandu, mabanja amakangana.

Nambewe wa ku Zomba: Phala la mchere ndi mazira? Koma abale. Ine ndikathira shuga, andimange.

Bambo a Chikondi ku Maryland: Ine ndisakunamizeni, zaka 14 ndili kuno koma zakudya zawo sizinandilowe. Chilichonse shuga. Buledi shuga, nyemba shuga, nyama amaipaka shuga, tiyi wa kummwerako ndi madzi a shuga ozizira okhala ndi ayezi. Chigumu mukuchitamacho kumpoto kuno amachiphika ngati keke. Mayi, lawani kuti mukasimbe, koma pakatha masiku atatu thupi lidzafuna nsima. Chokha chimene ndimavulira chipewa ndi nkhanu za ku Chesapeake Bay. Amaziphika ndi nthunzi, kuwaza zokometsera za Old Bay, kuzikhuthulira patebulo poyala pepala, aliyense ndi kanyundo kake. Koma sizili panjira yanu, ndipo zimakoma kwambiri chilimwe chikakhwima.

Mlamu wa ku Chipata: Bambo a Chikondi, ngati zaka 14 mukudyabe nsima yokha, vuto si America kkkk. Koma pa ufa ndichenjeze. Ine nditangofika ndinagula ufa wolembedwa masa harina m'sitolo ya anthu a ku Mexico, ndikuti ndapeza ufa woyera. Nsima yake inatuluka ya fungo lina, ana anakana. Kenako ndinamva kuti chimanga chake amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu asanagaye, ndi ufa wa tortilla (chapati cha chimanga) ndi tamale. Pa ntchito yake ndi wabwino zedi. Mukafika ku Houston mudye tamale, ndi phala lolimba la chimanga lokhala ndi nyama mkati, lokulunga m'makoko a chimanga n'kuphika ndi nthunzi. Mudzakumbuka mkate wa nthochi wa m'masamba. Ambiri amaikamo mafuta a nkhumba, ndiye bambo afunse kaye.

Achimwene a ku Houston: Mwafika kwathu tsopano, ena onse akhale pansi. Mayi, bambowo akhala akuonerera anzawo akudya kuyambira ku Indiana, kuno ndiye kwawo, chifukwa Texas ndi dziko la ng'ombe. Chimene amati barbecue kuno si kanyenya wathu wootcha pamakala mphindi khumi. Amatenga brisket, nyama ya pachifuwa cha ng'ombe, yolimba ija yoti mukaiotcha mwachangu mano atsalira pomwepo. Amaipaka mchere ndi tsabola wakuda basi, n'kuiika m'chitsulo chachikulu ngati thanki, moto uli kumbali, utsi wa nkhuni za oak wokha ndi umene ukudutsa pa nyamayo. Maola 12, ena mpaka 16, munthu ali maso usiku wonse kusonkhezera. Ikatuluka kunja kwada bii ngati yapserera, mkati mwafewa moti mumadula ndi chala.

Mwambowu unachokera kwa anthu a ku Germany ndi a chi Czech amene anali ndi mabutchala pakati pa Texas, ankawamba nyama yotsala kuti isaonongeke. N'chifukwa chake mpaka lero amagulitsa pa sikelo, pa paundi, n'kukuikirani pa pepala la m'butchala ndi buledi woyera, anyezi ndi tinkhaka. Paundi ndi magalamu 454, ndipo m'malo otchuka imapitirira madola 30, ndiye theka la paundi pa munthu lakwana. Akafunsa kuti ya mafuta kapena yopanda mafuta, inu mayi nenani ya mafuta. Ngati alamu anu ali ndi nthawi akutengereni ku Lockhart, katauni kakang'ono kufupi ndi Austin, kuli Kreuz Market, Smitty's ndi Black's ya mu 1932. Ku Franklin mu Austin anthu amafola maola angapo ndi mipando yawo, nyama ikatha atseka. Soseji ndi nthiti afunse, zambiri ndi za nkhumba, koma nthiti ya ng'ombe iliponso, imodzi kukula ngati mkono.

Naphiri wa ku Raleigh: Achimwene mwalankhula ngati barbecue inabadwira ku Texas. Kuno kummawa kwa North Carolina amawamba nkhumba yathunthu, kuiduladula, kuthira viniga ndi tsabola. Ku Lexington, ku North Carolina konkuno, amawonjezera tomato pang'ono, ku South Carolina mpiru wachikasu uja wa m'botolo. Ku Kansas City msuzi wake ndi wotsekemera wokhuthala. Aliyense amati yake ndiye yeniyeni.

Achimwene a ku Houston: Achemwali, munthu wanena kuti sadya nkhumba, inu mukumuitanira nkhumba yathunthu?

Naphiri wa ku Raleigh: Ndimauza mayiwo, si onse aletsedwa kkkk.

Wophunzira wa ku Baton Rouge: Anti, pempho langa ndi limodzi. Kuchoka ku Atlanta kupita ku Houston musalumphe Louisiana. New Orleans ili pakati, ndipo kuchoka apo kukafika ku Houston ndi maola 5 kapena 6 pa I-10. Gonani usiku umodzi. Gumbo ndi msuzi wokhuthala wodyera mpunga. Amayamba ndi kukazinga ufa wa tirigu m'mafuta pang'onopang'ono mpaka ude ngati chokoleti, osaupsereza, kenako anyezi, tsabola wobiriwira, selari, nkhuku kapena za m'nyanja, ndi therere. Dzina lakelo linachokera ku mawu oti ngombo, therere m'zilankhulo za ku Angola. Lolemba amadya nyemba zofiira ndi mpunga, chifukwa kale linali tsiku lochapa, mphika umadziphikira wokha amayi ali pa zovala. Ku Café du Monde, ya mu 1862, kuli beignet. Anti, amenewo ndi mandasi, ndithu mandasi, kungoti a makona anayi ndipo amawakwirira ndi shuga wa ufa. Musavale zakuda. Ankolo asamale ndi soseji ya andouille mu gumbo ndi m'nyemba, apemphe gumbo ya nsomba n'kufunsabe.

Ndipo Meyi nyengo ya crawfish imakhala isanathe. Ndi tinkhanu tatitali tofiira ta m'madambo ndi m'minda ya mpunga. Amawiritsa thumba lathunthu ndi tsabola, chimanga ndi mbatata, kukhuthulira patebulo. Mumathyola mutu, kuyamwa msuzi wa m'mutumo, kusenda mchira n'kudya. Ku Houston anthu ochokera ku Vietnam amatiphika ndi batala ndi adyo.

Nambewe wa ku Zomba: Kuyamwa mutu? Mwana iwe, ndalipira tikiti ya ndege kuti ndikayamwe mitu ya tizilombo?

Mnyamata wa ku Ndirande: Anti, anthu omwewa ndikawaonetsa chithunzi cha mbewa kapena ngumbi amakuwa ngati aona mfiti. Koma iwo ali kalikiliki kuyamwa mitu. Kadyeni mukatibwezerere.

Dalaivala wa Thiraki: Mayina awonso amasokoneza, ndikuchenjezeni. Biscuit kummwera si bisiketi, ndi sikono yofewa ya mchere, ndipo msuzi woyera umene amathirapo m'mawa umakhala wa soseji ya nkhumba. Chicken fried steak mulibe nkhuku, ndi ng'ombe yokazinga ngati nkhuku, ine ndinakangana ndi woperekera zakudya pamalo ena ndikuti wandisinthira mbale. Chips ndi makirisipi a m'paketi, tchipisi chathu amati fries. M'misewu ya ku Georgia mukaona chikwangwani cha boiled peanuts imani, ndi mtedza wowiritsa ndi makoko ake ngati wa pa Lizulu, kungoti mchere ndi wa dzaoneni. Ndikanakonda mukanafikanso ku New Mexico kumene amafunsa kuti wofiira kapena wobiriwira, kunena tsabola, koma ulendo umodzi sungathe zonse.

Namwino wa ku Seattle: Ndalama tisaiwale. Mtengo wa pa menyu si umene mulipire. Amawonjezera msonkho, kenako pamalo pokhala pansi mumasiyira woperekera zakudya 18 mpaka 20 peresenti. Si chifundo ayi, malipiro awo ambiri amachokera pamenepo. Mbale ya madola 20 muziwerengera 26. Madzi akumwa ndi aulere koma amadzaza ayezi, nenani ngati simukufuna. Tsiku lina mudzabwere kuno mudzadye salmon, nsomba yokhayo imene ndimaiyerekeza ndi chambo popanda kuchita manyazi.

Bambo a Chikondi ku Maryland: Chambo musachinyoze asisi.

Nambewe wa ku Zomba: Abale, ndabweranso, pepani ndinasowa. Mwana wavala chipewa chake, tinalulutira mpaka azungu kutembenuka. Anabanda, Mulungu akudalitseni pa nsima ija. Deep dish tinadya gawo limodzi limodzi, yotsala tinadya masiku awiri. Ku Nashville bambo anamvera malangizo n'kupempha yosawawa kwambiri, ine ndinadzitama, zotsatira zake musandifunse. Pano tili ku Atlanta. Dzulo mchimwene wanga anatitengera ku soul food, masamba ake anali a nkhukundembo. Bambo anangoti zii, akudya, kenako anafunsa ngati kukhitchiniko angawatakasire kansima pang'ono. Lero m'mawa ndawapeza asiya grits kuti izizire, yalimba, akuitema ndi manja n'kumasunsa m'masamba otsala a dzulo. Mlamu wanga wachizungu wangoima pakhomo ndi kapu yake ya khofi. Ine shuga ndinathira, palibe wandimanga. Loweruka tinyamuka wa ku New Orleans. Za kuyamwa mitu sindinalonjeze.

Achimwene a ku Houston: Mukanyamuka ku New Orleans mundiuze. Brisket tikafole 10 koloko m'mawa, ikamakwana 2 koloko imakhala itatha. Bambowo asadye kadzutsa.